Nyimbo ya Bambo Ili pa Mlandu

3 Malichi

Mlongo wanga Wakunja,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ngakhale umboni wake ndilibe, poti kalata yako yomaliza inabwera tisanasinthe kalendala. Kuno tilipo. Mayi bondo lija likadawavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino.

Usadabwe kuti ndikulembera pa imelo ya ku shopu ya makompyuta. Foni yanga inagwera m'beseni ndikuchapa. Wokonza mafoni anaitsegula, anaisuzumira ngati dokotala, kenako anandipepesa. Zonse zinali m'menemo zapita. Yankho lako Wamakompyuta adzalipulinta, ine ndizilitenga Lachitatu ndi Loweruka ndikamachokera kumsika.

Nkhani imene yandiimitsa mutu ndi iyi. Ukukumbuka kuti chaka chimene bambo anayamba kudwala ndinkawajambula ali pa benchi yawo yokonzera mawailesi. Mavidiyo asanu ndi anayi ndinawaika pa tsamba langa, pa webusaiti ija umagwirako ntchito iweyo. Lero ndimati ndiwaonere, ndapeza yoyamba palibe. Ndi ija akuwotcherera mawaya uku akuimba nyimbo yawo ya munthu amene anagulitsa njinga kuti aigulire belu. Pamalo pake pali bokosi lakuda ndi mawu akuti yachotsedwa chifukwa mwini wake wa nyimboyo wadandaula. Akuti limeneli ndi chenjezo loyamba, ndipo machenjezo akakwana atatu tsamba lonse alitseka ndi kufufuta zonse.

Mwini wake ndani? Mwini wake tinamuika m'manda chaka chatha, ndipo sindikukhulupirira kuti kumeneko kuli mafomu.

Ndinene mosabisa, ndili ndi mantha. Foni ija itafa, mawu a bambo sanatsale pena paliponse koma pa tsamba limeneli. Iwe uli mkati momwemo. Dzuka pampando, pita kwa amene amasunga mavidiyo, umuuze kuti walakwitsa nyumba.

Ndine mlongo wako, amene unkamugwira diresi popita kusukulu.

12 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndathokoza. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndi imene yachuluka. Mupereke moni kwa mayi, bondolo azilithowa ndi madzi ofunda.

Choyamba ndikonzeko pang'ono. Ine sindigwira ntchito ku webusaitiyo. Ndimagwira ku kampani imene inapatsidwa ntchito ndi kampani ina imene inapatsidwa ntchito ndi webusaitiyo. Choncho mayi akamauza anzawo kuti mwana wawo ndi amene amayatsa intaneti m'mawa, muziwatsinako.

Zimene zachitika si zachilendo. Munthu aliyense akhoza kudzaza fomu yodandaula kuti nyimbo kapena chithunzi chake chaikidwa popanda chilolezo. Kampani imachotsa kaye, kufunsa imafunsa pambuyo, chifukwa ikachedwa mlandu umasanduka wake. Inu muli ndi ufulu wotsutsa. Pali fomu ina yotsutsira: mudzaze, muchonge mabokosi onse, mutumize. Wodandaulayo akapanda kupita kukhoti pasanathe masiku khumi, vidiyo imabwerera yokha.

Zoti mutsitse mavidiyo otsalawo muiwale kaye, chifukwa tsamba likakhala ndi chenjezo batani lotsitsira limazima. Dzina la wodandaula mulipeza pansi pa uthenga uja, pa tizilembo ting'onoting'ono. Nthawi zambiri amakhala makampani a nyimbo osawadziwa n'komwe.

Chachikulu, musalole munthu wina aliyense kukhudza nkhaniyi.

Mlongo wanu.

17 Malichi

Wakunja,

Moni kaye, kuti mayi asanene kuti ndayamba kalata ngati wapolisi. Tilipo tonse.

Tizilembo tija ndawerenga. Kampani yako ya nyimbo yosaidziwa n'komwe ndi bambo aang'ono.

Inde, mng'ono wawo wa bambo, amene anatsegula nawo shopu ya mawailesi, n'kudzasiyana chifukwa cha wailesi ya kasitomala imene wina ankati yafa, wina n'kumati ili moyo. Zaka zisanu ndi zinayi osalankhulana, kukumana pamsewu aliyense n'kumayang'ana nsapato zake. Pa maliro ndi amene ananyamula bokosi kutsogolo, osalola munthu kuwalandira. Lero akuti nyimbo ndi yawo.

Lamlungu ine ndi mayi tinapita kunyumba kwawo. Anatilandira bwino kwambiri, kutipatsa mipando ya makushoni, tiyi wa mkaka m'makapu a alendo. Tinakamba za denga lawo lodontha, za galu wa aneba, za matenda a shuga, za mwana wa uje amene wathawa ukwati. Maola awiri athunthu palibe anatchula nyimbo, chonsecho pakhoma, pamwamba penipeni pa mutu wa mayi, pali kalata ya kampani yowathokoza chifukwa cha dandaulo lawo, ataiika mu felemu yagalasi. Potiperekeza mtima unandikanika, ndinafunsa. Anaima, anakonza kolala, n'kuti:

"Mwana wanga, nkhani imeneyo ili m'manja mwa akuluakulu a kampani. Sindingailankhule pamsewu."

Lero ndapita kukadzaza fomu yako yotsutsira, mayi anditsatira ndi bondo lawolo. Zonse zimayenda bwino mpaka tinafika pa bokosi lomaliza, lakuti ndikulumbira kuti wodandaulayu walakwitsa kapena wanena zabodza. Wamakompyuta, amene sadziwa kuwerenga chamumtima, anawerenga mokweza. Mayi anandigwira dzanja.

"Iwe ulumbire kuti mng'ono wa atate ako ndi wabodza? Ine ndikadali moyo?"

Ndinawauza kuti si pepala, ndi kompyuta chabe. Anati ndiye koipa, chifukwa pepala limadyedwa ndi chiswe koma kompyuta siiwala. Fomu ija popanda bokosilo ikukana kupita. Ndagwira njakata. Kodi kulibe fomu ina yaulemu, yonena kuti akuluwa mwina aiwala pang'ono?

Yankha msanga. Mayi akuti usabisale kumbuyo kwa ine, uwalembere iwonso.

Mlongo wako.

19 Malichi

Mwana wa achimwene,

Ndikupatsa moni m'dzina la banja lonse. Ndikhulupirira ukugwira ntchito molimbika ndipo sukutichititsa manyazi kwa eni dziko.

Ndamva kuti mlongo wako wakulembera za ine, ndiye ndati umve kuchokera pakamwa panga. Nyimbo ya njinga ndi belu ndinapeka ndine, chaka chimene tinatsegula shopu, ndili pansi pa tebulo kufunafuna sikulu ya wailesi imene inagwa. Mavesi onse anayi ndi anga. Atate ako anangowonjezerapo kutsokomola pakati pa vesi lachiwiri ndi lachitatu, ndipo kutsokomolako sindikukufuna, ndi kwawo. Koma pansi pa vidiyo mlongo wako analemba kuti Nyimbo ya Bambo, basi, ngati ine ndinali benchi.

Sindine munthu wokonda milandu. Ndinafunsa Wamakompyuta ngati pali njira yofikira eni webusaiti, iye anandionetsa fomu. Ndinadzaza Lolemba, pofika Lachitatu anali atandiyankha. Ananditchula Wolemekezeka. Anati dandaulo langa ndi lofunika kwa iwo. Zaka makumi anayi ndakhala ndikulembera maofesi osiyanasiyana, a madzi, a magetsi, a misewu, palibe ndi imodzi yomwe inandiuzapo kuti ndine wofunika. Uwauze mabwana ako kuti analeredwa bwino.

Tsono poti uli pafupi nawo, uwakumbutse amalize ntchito imene ayamba. Dzina langa alilembe lonse, asafupikitse, ndipo likhale pamwamba pa la atate ako kapena pambali, pansi ayi.

Ndine bambo ako aang'ono.

25 Malichi

FOMU YODANDAULA ZA UMWINI WA NTCHITO

Dzina la wodandaula: Mayi ake a mnyamata wanu wamtali, wa mpata kumano, amene amasunga makiyi a intaneti.

Vidiyo imene mukuidandaula: Yachinayi pa tsamba la mwana wanga wamkazi, imene malemu amuna anga avala juzi yobiriwira. Wamakompyuta akuti fomu singapite osasankha imodzi, ndiye ndasankha imene anaoneka bwino.

Ntchito yanu imene yagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo: Juziyo ndinaluka ndine, masabata asanu, ndipo zoona palibe anandipempha chilolezo choijambula.

Fotokozani dandaulo lanu: Abwana, izi si zanu, mungomupatsira mwana wangayo.

Mwana wanga, uli bwanji? Ine ndilipo, bondo lokha. Ndakulembera kanayi chiyambire chaka, kudzera mwa mlongo wako, yankho ndi moni wa mzere umodzi ndi malangizo a madzi ofunda. Koma alamu anga, bambo ako aang'ono, analemba pa fomu ino ndipo anayankhidwa m'masiku awiri. Ndiye ndaona kuti kuntchito kwanuko khomo limene limatseguka msanga ndi lino.

Kodi ukudya? Chithunzi chako chija unaoneka khosi lokhalokha. Kodi mtsikana uja wa ku banki mudakali limodzi, kapena ndisiye kumupempherera? Denga la kukhitchini takonza. Mphaka wabereka ana anayi mu bokosi la zida za atate ako, ndipo ndaletsa kuwachotsa.

Za nyimbo zija, uwauze anzako abwezere, koma mwaulemu, alamu anga asachite manyazi. Atate ako akanakhalapo akanangoseka. Ine ndimawaonera Lachisanu lililonse ku shopu kuno, Wamakompyuta amandiika pa kompyuta ya pakona ndi kundivala zam'makutu. Ndikatuluka ndimakhala ngati ndacheza nawo. Usalole azimitse.

Kodi mukulumbira kuti zimene mwalemba ndi zoona? Inde, zonse, ndi za mphaka zomwe.

27 Malichi

Wakunja,

Moni. Tili ndi chenjezo lachiwiri.

Vidiyo ya juzi yobiriwira yachotsedwa. Wodandaula ndi mayi. Wamakompyuta wandionetsa zimene analemba, ndakutumizira pamodzi ndi kalata ino kuti uwerenge wekha. Ndinamufunsa chifukwa chake sanawaletse. Akuti iye ntchito yake ndi kutaipa, ndipo munthu wamkulu akamalankhula samudula mawu.

Mayi ali ndi kalata yawo tsopano, yowatchula Wolemekezeka, ndipo akufunsa kuti felemu amagula kuti. Nditawafotokozera kuti adandaulira mwana wawo yemwe, anafunsa ngati iwe waiwerenga fomu yawoyo. Kwatsala chenjezo limodzi lokha.

Mlongo wako.

30 Malichi

Achemwali,

Moni kwa nonse. Ndawerenga, kawiri, ndipo chakudya chamasana sindinadye.

Ndikuuzeni zoona za ntchito yanga, mwina mundimvetse. Timakhala anthu mazana awiri m'chipinda chopanda mawindo. Mafoni timasiya m'kabati pakhomo. Pakhoma pali bolodi lalikulu la maina athu: ukamafulumira dzina lako limakhala lobiriwira, ukachedwa limafiira. Mlandu uliwonse timaupatsa masekondi makumi anayi. Makiyi amene ndili nawo ndi a kabati ija basi.

Fomu yodandaula siwerengedwa ndi munthu. Makina amangoona ngati mabokosi onse adzazidwa, n'kuchotsa vidiyo, n'kutumiza kalata ija ya Wolemekezeka. Kalata imeneyo imapita kwa anthu zikwizikwi pa tsiku, liwu ndi liwu. Za mphaka, za bondo, za mtsikana wa ku banki, palibe anaziona mpaka inu munanditumizira. Anthu timaona mafomu otsutsa ndi ma apilo okha, ndipo mlandu wa m'bale wako ndi woletsedwa kuukhudza. Ukaukhudza, tsiku lomwelo umapereka khadi lolowera.

Njira yaulemu imene munafunsa ilipo. Wodandaula akhoza kubweza yekha dandaulo lake, koma alembe kuchokera pa imelo yomweyo imene anadandaulira. Mayi abweze lawo, bambo aang'ono abweze lawo, machenjezo afufutika, inu mutsitse zonse tsiku lomwelo. Chonde, ndikugwirani mwendo, munthu asadzazenso fomu ina iliyonse.

Muwauze mayi kuti ndikudya. Za ku banki asiye kupempherera.

Mlongo wanu.

3 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Mayi akuti azipemphererabe, koma asintha mutu wa pempherolo.

Njira yako yaulemu yafera pa shopu. Mayi alibe imelo, bambo aang'ono alibe imelo. Wamakompyuta anawatsegulira aliyense yake pomwepo kuti fomu ipite, pasiwedi analemba kuseri kwa lisiti, lisitilo anakulungira mababu a kasitomala wina. Tayesa tsiku lobadwa la Wamakompyutayo, dzina la mkazi wake, dzina la mkazi wina amene anatchula monong'ona. Zonse zakana.

Koma pali china chimene ndamva. Pamene timalimbana ndi mapasiwedi, Wamakompyuta anadandaula kuti nkhaniyi yamuthawitsira kasitomala wokhulupirika. Akuti chiyambire maliro, bambo aang'ono ankabwera m'mawa uliwonse shopu ikangotsegulidwa, kukhala pa kompyuta ya pakona, n'kuonera vidiyo ya nyimbo ija kawiri. Nthawi zina ankaimba nawo motsitsa, n'kumatsokomola pamalo pomwe bambo amatsokomola. Ine ndinkanyada kuti vidiyoyo yaonedwa ka mazana asanu ndi limodzi, ndimati bambo atchuka. Anali munthu mmodzi.

Ndinapita kunyumba kwawo ndekha, opanda mayi, ndipo tiyi ndinakana. Ndinawauza zonse, za makina, za machenjezo atatu, zoti kalata yawo ya mu felemu ili ndi anthu zikwizikwi. Poyamba anatsutsa. Akuti vidiyo anangoitengera ku ofesi kuti akalembepo dzina, ngati mmene amachitira ndi satifiketi, ndipo tsiku lililonse amapita kukaona ngati yabwerako. Nditawaonetsa mawu akuti kufufuta, anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.

"Ine sindinapemphe kuti aichotse," anatero. "Ndimangofuna tikhale pamzere umodzi, ine ndi iyeyo."

Ndinapita kumeneko nditakwiya, ndinabwerako ndili ndi chisoni. Ndinawauza kuti dzina ndikanawalembera ndekha akanangondiuza, mphindi imodzi yokha. Akuti munthu wamkulu sapempha mwana zinthu zotero. Felemu ija aichotsa pakhoma, aiika kuseri kwa kabati.

Ndawapempha kuti asachite kalikonse. Avomera msanga kwambiri, ndipo zimenezo sizikundisangalatsa.

Mlongo wako.

5 Epulo

Mwana wa achimwene,

Moni wa banja. Ndikulemba mwachidule chifukwa nkhani yatha.

Munthu akalakwitsa amakonza yekha, satuma ana. Lero m'mawa ndapita ku shopu ina ya makompyuta, ya kuseri kwa siteshoni, kumene sandidziwa, kuti mlongo wako asavutike mtima. Ndalembera akuluakulu a kampani kalata yamphamvu. Ndawauza kuti nyimbo ndi yangadi, koma ndikuipereka kwa achimwene anga kwaulere mpaka muyaya, ndipo abwezere zonse zimene anachotsa, ndi juzi yomwe.

Ndagwiritsa ntchito fomu yomwe ija, poti ndi imene amayankha msanga. Inafunanso kuti ndisankhe vidiyo. Yoyamba ija panalibe, ndiye ndasankha yachisanu ndi chiwiri, imene atate ako akuimba mluzu wa nyimbo yomweyo, kuti akuluakuluwo adziwe nyimbo imene ndikunena. Mabokosi onse ndadzaza, palibe ndasiya.

Usawauze kunyumba. Ndikufuna aone okha Lachitatu.

Bambo ako aang'ono.

7 Epulo

Wakunja,

Moni ndilibe lero. Tsamba latsekedwa.

Taona tokha Lachitatu, monga mmene bambo aang'ono anafunira. Anatiitana tonse ku shopu atavala jekete, anamuuza Wamakompyuta kuti atsegule, iwo ataima kumbuyo manja kumsana. Panatuluka bokosi lakuda lalikulu kuposa oyamba aja. Machenjezo akwana atatu. Zonse zidzafufutidwa pa 14, pokhapokha apilo itavomerezedwa. Bambo aang'ono anakhala pansi pa katoni ya mapepala, ndipo katoniyo inaphwanyika, koma palibe anaseka.

Fomu ya apilo ili ndi bokosi lomwe lija lolumbirira, koma tsopano katatu, dandaulo lililonse lake. Ndinayang'ana mayi. Anamanga mpango wawo bwinobwino, n'kuti:

"Chonga. Lemba kuti mayi ako ndi abodza. Atate ako ndinkawanamiza kuti ndiwo mulibe tsabola zaka makumi atatu, si lero ndayamba."

Bambo aang'ono ali pansi pomwepo anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, n'kuti awo ndichonge kawiri. Pamalo ofotokozera anandipatsa mawu mazana awiri okha. Ndinalemba kuti wodandaula woyamba ndi wachitatu ndi munthu mmodzi amene amafuna dzina lake lilembedwe kenako amafuna kupepesa, wachiwiri ndi mayi anga amene amalembera mwana wawo kalata, ndipo woimbayo anamwalira. Nditawerenganso ndinaona kuti inenso sindingakhulupirire.

Unati munthu amapatsa mlandu masekondi makumi anayi. Ndayesa kuwerenga zimene ndalembazo ndi wotchi, zikutenga mphindi imodzi ndi theka.

Sindikupempha kanthu, ndamva za lamulo lanu. Kuyambira mawa ndizibwera ku shopu tsiku lililonse, m'mawa ndi masana, mpaka pa 14.

Mlongo wako.

15 Epulo

Mlongo wanga Wakunja,

Moni wochuluka, lero ndili nawo wokwanira ndi anzako mazana awiri aja. Bambo tili nawo.

Lolemba masana ndinafika ku shopu mwa mwambo chabe, mtima nditataya kale. Wamakompyuta atatsegula, tsamba lonse linali mbee, mavidiyo asanu ndi anayi, machenjezo palibe, batani lotsitsira likuwala. Sindinafunse kuti zatheka bwanji. Ndinathamangitsa ana a sukulu awiri amene amasewera magemu, ndinatseka chitseko cha shopu ya eni ake, tinatsitsa zonse. Tili ndi mafulashi anayi: ina ili kwa ine, ina kwa bambo aang'ono, ina mu kabati ya Wamakompyuta, ina mayi aisokerera mu pilo. Dzina la bambo aang'ono ndalilemba pa fayilo ya nyimbo, pambali pa la bambo, lonse osafupikitsa.

Tinachita bwino kufulumira, chifukwa dzulo tsamba latsekedwanso. Akuti chigamulo cha Lolemba chinali cholakwika ndipo achibweza. Kampani yanuyi mutu wake suyenda bwino, koma zake zimenezo, afufute mpaka atope.

Tsopano kuno kuli mkangano wa amene wapulumutsa bambo. Bambo aang'ono akuti kalata yawo yamphamvu ija inachedwa kufika kwa bwana wamkulu, itafika ananjenjemera. Felemu yabwerera pakhoma. Mayi akuti ndi pemphero limene analisintha mutu. Wamakompyuta akuti anadina mabatani ena ake amene sangatiuze. Ine ndikuti ndi mawu anga mazana awiri.

Pa chinthu chimodzi chokha tagwirizana tonse, ndipo ndikuuza chifukwa ndine mkulu wako. Iwe sunathandize. Malamulo tamva, koma masiku asanu ndi atatu osalemba ngakhale mzere umodzi wotilimbitsa mtima? Mayi sakunena, koma zawapweteka. Munthu uli m'nyumba momwemo mmene amafufutira atate ako, iwe n'kumayang'ana bolodi kuti dzina lako likhale lobiriwira.

Lemba, ngakhale za madzi ofunda.

Mlongo wako.

18 Epulo

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa mayi, kwa bambo aang'ono ndi kwa Wamakompyuta wa mabatani achinsinsi. Kalata yanu ndaiwerenga nditakhala pa bedi masana. Iyi musaisiye pa shopu, muipinde muike m'chikwama.

Apilo yanu inafika m'chipinda chathu Lolemba m'mawa. Inagwera mayi wina amene amakhala pambali panga, timamutcha Chala chifukwa amadina msanga kuposa tonse. Ndinamumva akuseka yekha, n'kundikodola kuti ndione banja lina la misala limene likudzidandaulira lokha. Kenako anaona dzina la banja lathu pamwamba pa fomu, anayang'ana khadi langa pachifuwa, kuseka kunatha. Anaimirira, anati m'mimba mwamuvuta, anatuluka osatseka kompyuta yake.

Ndinakhala pa mpando wake. Kudina kunafuna sekondi imodzi yokha, ndipo ndikanadina n'kubwerera pamalo panga mwina sakanandigwira msanga. Koma mavidiyo anali pamenepo, onse asanu ndi anayi, ndipo ndiulule chimene sindinakuuzeni. Chaka chatha mutanditumizira tsamba lija ndinayankha kuti ndaona, zili bwino. Sindinatsegule ngakhale imodzi. Ndinkati ndidzaonera tsiku limene ndidzakhale ndi mtima wake, ndipo tsikulo silinkafika.

Ndinavala zam'makutu, ndinayamba yoyamba. Zonse pamodzi ndi mphindi makumi asanu ndi zitatu. Dzina la Chala pa bolodi linafiira, kenako linayamba kuphethira, zimene sindinazionepo chiyambire ntchito. Kapitawo wathu anabwera n'kuima kumbuyo kwanga pa vidiyo yachinayi. Sanandigwire phewa. Anangowerama, anawerenga dandaulo la mayi, n'kufunsa ngati juzi yake ndi imeneyo. Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza, ndinadina kuti zonse zibwerere, kenako anatambasula dzanja, ine ndinamupatsa khadi.

Ndinkadziwa kuti chigamulo cha munthu wokhudza mlandu wa kwawo amachibweza pakatha masiku awiri. Ndinadalira mawu anu oti muzipita ku shopu m'mawa ndi masana. Kulemba sindinalembe chifukwa ndinaopa kuti mukadziwa mtengo wake muyamba kukambirana za ine m'malo motsitsa, ndipo banja lathu likayamba kukambirana mukudziwa mmene zimathera. Chala sanachotsedwe, ndinawauza kuti ndinamulanda mpando. Wangolandira chenjezo loyamba.

Bambo aang'ono muwasiye ndi felemu yawo, mayi ndi pemphero lawo. Za ntchito ndidzawauza ndekha.

Pali china chimene mwina simunachimve, chifukwa chili kumapeto kwenikweni kwa vidiyo yachisanu ndi chinayi. Munaika foni pa benchi osazimitsa, chithunzi chikungoonetsa denga ndi babu. Bambo akumveka akutseka bokosi la zida, kenako akufunsa kuti, "Kodi zimenezi Wakunja adzaziona?" Inu mukuyankha kuti akadzapeza nthawi. Iwo akuti, "Eya, musamamuvute, ali ndi ntchito yaikulu mwana uja."

Nthawi ndili nayo tsopano, achemwali, yambiri. Mundisungire fulashi imodzi. Musatumize, ndidzaitenga ndekha.

Mlongo wanu.